Mzere Wachiwiri wa a Nadimu

Ndinachoka ku Kawale mu 2003, nditatopa ndi kulawirira ku Biwi kukadikira ganyu amene sankabwera. Mkazi wanga Nabanda ndinamuuza kuti ndikakhalako chaka chimodzi basi. Iye sanatsutse, anangofunsa kuti chaka chake chiti.

Ku Joni ndinalembedwa m'sitolo ya nsalu ya a Nadimu, mkulu wochokera ku Pakistani. Malonda sankawadziwa kwenikweni, chawo chinali ndakatulo. Ankalemba m'Chiurdu, chinenero chakwawo, kuyambira kumanja kupita kumanzere, pamapepala okulungira nsalu, kasitomala ali chiimire. Anzawo ankati mabuku awo ndi otchuka kwawoko, koma eni ake anali asanapondeko kwa zaka makumi atatu.

Mwambo wawo ndi wakuti mlakatuli akanena mzere woyamba, omvera aubwereze, ndiyeno anene wachiwiri. Nanga omvera m'sitolo muja akanakhala ndani? Ine ndemwe. Ndinkabwereza ngati mwana wa sitandade wani, osamva ngakhale liwu limodzi. Ndikachedwa, mkuluyo ankangoima dzanja lili m'mwamba mpaka nditayankha.

Zaka zinakwana zisanu. Ndalama ndinkatumiza ndi madalaivala a basi, nthawi zina ndi bulangete lomwe, koma foni ndinkaiopa, chifukwa Nabanda anali atasiya kufunsa za tsiku lobwera. Ndinkasungulumwa koopsa. Lamlungu ndinkangozungulira m'misewu ngati nkhuku yofuna poikira, komabe mwezi uliwonse chifukwa chokhalira sichinkasowa.

Tsiku lina ndinawapempha a Nadimu kuti andimasulire mzere womwe ndinali nditangobwereza. Anati ukunena kuti msewu wakwawo sunasinthe, ngakhale mtengo umodzi sunagwe.

"Nanga wachiwiri?"

"Chifukwa sindinapite kukauona."

Iwo anaseka, ine ayi. Sabata yomweyo ndinagula tikiti.

Nditatsika minibasi ku Kawale ndinasochera kawiri. Pomwe panali chigayo panali tchalitchi. Nyumba yathu ndinaizindikira ndi mtengo wa mapeyala, poti Nabanda, ndi geni yake ya kaunjika, anali atawonjezera zipinda ziwiri. Ndinaima pabwalo ndi chikwama n'kuodira. Kunali zii, wailesi yokha ikumveka m'kati. Ndinaodiranso. Kachitatu ndinapezeka kuti ndakweza dzanja ngati a Nadimu, ndipo ndinachita mantha kuti mwina andiyankha ndi mwamuna wina.

Mawu a Nabanda anatulukira pawindo, osakwiya, osasangalala.

"Wodikira kuyankhidwa ndi mlendo. Ngati ndinu eni nyumba, abambo, chitseko mukuchidziwa."

Ndinayang'anitsitsa. Pomwe ndinasiya chitseko panali khoma, njerwa zake zitada kale ndi mvula. Ndinanyamula chikwama n'kuyamba kuzungulira nyumba yanga, kuchifunafuna.