Achimwene Anga Ometa ndi Mayi wa Nyali

Achimwene anga anayamba kumeta anthu ine ndili pasukulu. Chipinda chawo chometeramo ndi chopapatiza: mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi yokwana anthu anayi ngati onse ali oonda. Mbali ina kuli atelala, mbali ina kuli wosoka nsapato. Munthu akangokhala pampando umenewo amayamba kufotokoza mavuto ake, ndipo achimwene amamvetsera mpaka kumapeto. N'chifukwa chake sadziwa kudana ndi munthu. Wakuba amene anatithyolera nyumba chaka china atagwidwa, achimwene anapita kukamuona kupolisi, n'kubwerako ali khuma. Anati mwana wa eni uja ali ndi zipere mutu wonse, wavutika.

Matawulo amene amakulunga m'khosi mwa anthu amachapa ndi alamu anga, akazi awo. Ndi omwewonso amawiritsa zipeso, kusita nsalu zofunditsa ometedwa ndi kusesa tsitsi madzulo. Anthu amatamanda achimwene kuti ndi aukhondo, ndipo achimwene amavomera.

Chaka chatha anagwa akumeta munthu, mutu wa munthuyo utametedwa mbali imodzi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera msanga, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala lofooka, zala zitapindika ngati zafumbata dzira. Kometera kunatsekedwa. Patapita miyezi, mwini mashopu, amene amawachititsa lendi chipindacho, anabwera kudzawazonda atanyamula nthochi. Pochoka ananena mofatsa kuti chitseko chotseka chimaipitsa mzere wonse, ndipo pali wogulitsa mafoni amene akufuna chipindacho. Mwezi ukatha asanatsegule, adzabwera kudzatenga kiyi.

Namwino wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo anawapatsa kampira koti azifinya. Anakafinya pang'ono n'kukaponya pansi pa bedi, amvekere iwo si khanda. Ndiye mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, anatumiza makina a magemu olumikiza ku TV, pamodzi ndi kachipangizo ka mabatani kogwira ndi manja awiri. Alamu atakaona anakatcha nkhanu. Namwino anavomereza, anati chala chilichonse chipezapo ntchito.

"Ine ndi imvi zangazi ndizisewera magemu?" anatero achimwene.

Sabata isanathe tiyi ankamwera pamaso pa TV, atazizira.

Ine ndinkapitako masana kukathandiza alamu kupinda zovala, choncho gemuyo ndinaionera kuchokera pampando wa kumbuyo. Wosewera amakhala msilikali wa lupanga amene akukwera nsanja yaitali. Pamwamba pake pali nyali yaikulu yosazima, ndipo woisamala, Mayi wa Nyali, wawotcha mzinda wonse. Ntchito ya msilikali ndi kukamupha. M'masitepe muli zilombo za mano panja, ndipo zimenezo achimwene ankazipha mosangalala. Munthu amene moyo wake wonse sanapheko ngakhale nkhuku ankagwedeza phewa uku akung'ung'udza kuti, "Bwera, bwera ndikumete." Chala chachikulu chinayamba kuwongoka. Cha mkombaphala chinatsatira. Alamu ankaziyang'anitsitsa zalazo akamadutsa ndi beseni.

Tsiku limene anafika pamwamba, gemu inaima yokha n'kuonetsa kakanema kofotokoza mbiri ya mayiyo. Mwamuna wake ndi ana ake aamuna anapita kunkhondo, n'kumuuza kuti asazimitse nyali, kuti pobwera adzaone njira. Sanabwere. Iye ankakweza mafuta pansanjapo tsiku ndi tsiku. Mafuta atatha mumzinda anasonkhezera mipando yake, kenako zitseko, kenako nyumba za anzake. Ndiye anatembenuka kutiyang'ana: mayi wamtali, maso ofiira ndi utsi, tsitsi loyera lofika m'mapazi litamangana mfundo zokhazokha.

Achimwene anaika nkhanu pamwendo.

"Achemwali, mwaliona tsitsilo?"

"Ndaliona, achimwene."

"Palibe walikhudza. Zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe anamuuza kuti khalani apa ndikupeseni. Ndiye akuti ine ndimubaye?"

Mayiyo sanadikire. Anaponya moto, msilikali anapsa, gemu inayambiranso pakhomo la pamwamba. Achimwene anapukuta m'maso ndi tawulo limene alamu anali atangosita kumene.

Kuyambira pamenepo anasintha kaseweredwe. M'mawa akasamba ankapesa tsitsi, n'kunena kuti akukaona mayi uja. Akalowa pakhomo la pamwamba ankamupatsa moni mokweza. Mayiyo ankayankha ndi moto, achimwene n'kulewa. Aponya kumanzere, iwo kumanja. Agwetsa denga, iwo kugudubuka. Batani la lupanga sankalikhudza. Ankalewa mpaka moto uwapeze, ndipo akapsa ankapumira m'mwamba.

"Wandiphanso. Koma lero sanali bwino, akuoneka kuti sanagone."

"Mukapitanso mumuuze mkazi mnzangayo kuti kuno kuli zochapa," anatero alamu ali kukhitchini.

"Amake mwana, musaseke zinthu zachisoni."

Mwana wawo anaimba foni kufunsa ngati atsiriza. Atamva zimene zikuchitika anaseka mpaka foni inadula. Ataimbanso anawauza kuti palibe njira ina, anapanga gemuyo anaipanga choncho, mayiyo ayenera kufa.

"Amene anaipangayo analeredwa ndi ndani?" anafunsa achimwene.

Loweruka lina atelala anabwera kudzawaona pamodzi ndi wosoka nsapato. Onse awiri anali asanametetse chidwalireni achimwene, pokana kupereka mitu yawo kwa munthu wina, ndipo atelala ankaoneka ngati tsache lakale. Anakhala pasofa, alamu anawapatsa tiyi, ndipo anaonerera achimwene akulewa moto.

"Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero atelala. "Wanuwu ukulewa ndithu. Mubayeni apo, wasiya nthiti poyera."

"Wakulakwirani chiyani?"

"Wawotcha nyumba za anthu."

"Inu munawotcha buluku langa ndi simbi. Ndinakubayani?"

"Buluku limodzi, akulu. Uyu mzinda."

"Mukanakhala ndi mabuluku a mzinda wonse mukanawotchanso."

Wosoka nsapato, munthu wosayankhulayankhula, anati iye akuona kuti wolakwa ndi mwamuna uja, chifukwa munthu ukamachedwa umatumiza uthenga. Atelala anati anafera kunkhondo. Alamu, akutolera makapu, anati anakwatira kwina ameneyo, nkhondo yake iti yosatha. Mkangano unakula mpaka wosoka nsapato anaimirira kuti asonyeze kutalika kwa nsanja. Za kometera palibe anazitchula, ngakhale aliyense ankadziwa kuti mwezi wapita kale pakati.

Alendo atapita, alamu anaika sizasi ndi chipeso patebulo pafupi ndi nkhanu, ngati aiwala. Achimwene anaziona. Anazikankhira pambali ndi chigongono.

"Dzanja silinakhazikike," anatero, osayang'ana munthu. "Likandithawa ndili pakhutu la munthu, ndidzati chiyani? Anthu akundidziwa kuti sindinachekepo munthu."

Dzanja lomwelo linali litatha ola lathunthu likuvina pamabatani.

Kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe, achimwene anapita kuchipatala kukaonana ndi namwino, atelala akuwaperekeza. Ine ndi alamu tinatsala tikupinda matawulo a kometera, amene iwo ankawachapabe kuti asanunkhe chinyezi. Atapinda lomaliza anapukuta manja m'chitenje, n'kukhala pampando wa amuna awo.

"Alamu, yatsani chinthucho," anandiuza.

"Mumadziwa kusewera?"

"Mayiyu ndamuonera masiku onsewa ndikusita. Akakweza dzanja lamanzere ndiye kuti moto ukubwera. Akatsokomola wafooka. Batani la lupanga ndi ili limene analeka kulikhudzali."

Anapsa koyamba asanayende n'komwe. Anapsanso, n'kupsanso. Nkhanu anaigwira ngati akufinya chochapa, mpaka ndinaopa kuti ithyoka. Sankalewa bwino ngati achimwene, koma mayiyo akangotsokomola, alamu ankamuyandikira n'kudina batani lija mosalekeza, milomo atailuma. Moni sanapereke. Madzi amene anatereka anawira mpaka kuphwa, ine n'kupita kukaphula ketulo. Pobwera ndinapeza moto wasiya kuuluka.

Mayi wa Nyali anataya ndodo imene ankayendera. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pasitepe, n'kukhala pansi, kuwongola miyendo, kutsamira khoma. Nyali inayamba kuchepa mphamvu. Kanyimbo kachisoni kanayamba.

"Taonani mmene wakhaliramo," anatero alamu motsitsa mawu. "Miyendo imeneyo ndikuidziwa."

Chitseko chinatseguka nyimboyo isanathe. Achimwene anaima pakhomo, atelala akusuzumira paphewa pawo. Anayang'ana TV, anayang'ana nkhanu m'manja mwa akazi awo.

"Amake mwana, mwamupha."

"Ndamupumitsa."

"Munthu wosalakwa."

"Wolakwa kaya wosalakwa, anatopa. Inu tsiku ndi tsiku kupita kukamudzutsa, aimirire, aponye moto, agwetse denga, kuti inu mumve chisoni bwinobwino. Munamunyamulirapo mafuta ngakhale botolo limodzi?"

"Mulibe batani la zimenezo."

"Ndiye mumakatani kumeneko?"

Atelala anatsokomola, amvekere asiya simbi pamoto, n'kubwerera pakhomo pomwepo.

"Namwino wati chiyani za dzanja?" anafunsa alamu.

Achimwene anakhala pasofa, malo amene sanazolowere. "Wati lili bwino."

"Dzanja lolewa moto tsiku lonse lingalephere mutu wa munthu wokhala phee?"

Mawa lake achimwene anavala malaya akuda ndipo tiyi anamwa wopanda shuga. Ananditumizira uthenga woti m'nyumba mwawo mwachitika zovuta. Mkuja wake anayatsa TV n'kupeza nsanja ili mdima, anthu a mumzinda akumanganso nyumba zawo. Anayendayenda m'misewu ya m'gemumo lupanga lili m'chimake, akusowa woti amupatse moni, kenako anazimitsa.

Tsiku lomaliza la mwezi ndinawathandiza kunyamula matawulo kupita nawo kometera. Alamu anatsegula chitseko, anapukuta galasi, anathira mafuta m'makina ometera. Achimwene anaima pakati pa chipinda manja ali m'thumba ngati mlendo. Anati angobwera kudzatenga zinthu zawo.

Mwini mashopu anafika dzuwa litakwera, dzanja atatambasula kale kuti alandire kiyi. Ndi bambo wonenepa wa dazi, tsitsi lake ndi la m'mbali mokha, ngati mpanda wa nyumba yosafolera. Alamu anamulonjera mwaulemu, anatembenuza mpando, ndipo asanadziwe chimene chikuchitika anali atakhala, nsalu ili m'khosi.

"Ine ndabwerera kiyi, mayi."

"Kiyi sathawa, bambo. Simungapite kukakumana ndi wa mafoni muli chonchi."

Anapereka makina kwa amuna awo n'kudzakhala nane pabenchi.

Achimwene anawayatsa. Phokoso lake linadzaza kachipindako, ndipo atelala ndi wosoka nsapato anatulukira pakhomo nthawi yomweyo. Makina anayandikira khutu. Mwini mashopu anatseka maso. Ndiye achimwene anafunsa, monga amafunsira aliyense, kuti kunyumba kuli bwanji. Bamboyo anayamba ndi denga lodontha, anafika pa mpongozi wake wosamva, n'kupitirira mpaka pa bondo limene limamupweteka kukazizira. Achimwene ankangoti, "Pepani, pepani ndithu," makina akuyenda. Tsitsi lochepa lija analimeta nthawi yokwanira mitu iwiri.

Dzanja linawathawa kamodzi. Kuseri kwa khutu lamanzere kunatsala kamalo koyera ngati chidindo cha chala. Tonse a pabenchi ndi a pakhomo tinakaona. Achimwene anatenga kagalasi kakang'ono koonetsera kunkhongo, n'kukapendeketsa mwaluso kotero kuti mbali ya kumanja inaoneka kawiri.

Mwini mashopu anadzisisita m'mbali, anatembenuza mutu uku ndi uku.

"Dzanja lakale lija ndithu," anatero. "Wa mafoni ndimuuza afune kwina."

Anatuluka akuimba mluzu, kamalo koyera kakuwala padzuwa mpaka anakhota pakona. Atelala anali atakhala kale pampando, akudzikulunga okha nsalu.

"Ine mundimete bwino, akulu," anatero. "Mkazi wanga amayang'ana mbali zonse ziwiri."