Mphuno ya Che Atumani

Che Atumani anabadwira ku Makanjira, nakulira m'bwato la amalume awo. Sukulu anaisiyira sitandade 5. Zaka khumi anakoka khoka la eni ake, popanda wowafunsa maganizo pa chilichonse. Anakwatira Zakia n'kukhala pamudzi pa akazi awowo, ndipo anabereka mwana mmodzi, Sumaiya.

Nsomba zitayamba kusowa, anyamata a padoko anayambitsa gulu loletsa kugwira nsomba ndi neti za udzudzu, zija zimakokolola ndi tiana tomwe. Zakia naye anawombera m'manja. Che Atumani anapatsidwa ntchito yonunkhiza: neti ikamveka usipa ndiye kuti yalowa m'madzi, itenthedwe.

Poyamba gululo linkangoyendera kunyanja. Kenaka anayamba kulowa m'nyumba za anthu, mpaka kuchipinda. Potuluka, wina wailesi paphewa, wina nkhuku m'khwapa. Bambo Ambrose, wosoka maukonde, atafunsa kuti nkhuku yalakwanji, anyamatawo anawathyola mkono ndi nkhafi. Che Atumani anafika kunyumba akuseka.

"Lero anthu akutipatsa njira, mayi a Sumaiya."

Zakia ankangowayang'ana m'manja.

Sumaiya atangotuluka m'chipatala ndi malungo, anasanzira neti yomwe ankagonamo. Zakia anaichapa, ndipo poti chingwe chinali chitadzaza matewera, anaiyanika pathandala la usipa la mayi ake. Sanaganize kawiri. Masana gulu linatulukira ndi malikhweru.

"Bwana wa mphuno, nayi ya kwanu!" anakuwa Sulemani, mtsogoleri wawo. "Kapena mphuno imatseka ikafika kwa madamu?"

"Bambo a Sumaiya, mwagonamo lero lomwe," anatero Zakia. "Mwanayu mankhwala sanamalize. Auzeni anzanuwa."

Che Atumani ananyamula neti, nainunkhiza nthawi yaitali. Anayang'ana mwana kumsana kwa mayi ake, kenaka zibonga za anzawo.

"Yanunkha."

Machesi anayatsa okha. Neti inasungunuka, n'kusanduka phula lakuda pamchenga.

Zakia analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chikwama cha amuna ake, nachiika pafupi ndi phulalo.

"Pano ndi pa mayi anga. Kagoneni kwa a Sulemani."

Gulu linaseka, koma Sulemani sanaseke. Analoza chitseko ndi chibonga, kuti anzakewo achikumbukire. Zakia anatseka, natsamiritsa mtondo, n'kuyamba kulumikiza zitenje zake ziwiri ndi singano kuti aphimbe pogona mwana.