Mpando wa Anganga pa Boti Lopopa

Fungo la soloshoni, guluu uja womatira machubu a njinga, likangondipeza pamphuno, ndimabwerera ku Chinamwali pansi pa mtengo wa mango pamene agogo anga aamuna ankakonzera njinga za akabaza. Ndimamva pampu yawo ikulira fyii fyii, ndimaona beseni la madzi akuda limene ankamizamo chubu pofuna kupeza pobooka, ndiponso utsi wa zinyalala zonyowa zimene anthu ankatentha m'mamawa ukukwera pang'onopang'ono kulowera kuphiri. Ine ndinakulira pakhomo pawo chifukwa amayi anga, a Lusi, ankagwira ntchito ku Limbe. Aamunawo tinkawatcha agogo, aakaziwo anganga, kuti tikaitana asamayankhe onse awiri.

Agogo sanabadwe okonza njinga ayi. Anali msodzi wa ku nyanja ya Chilwa, ndipo anasamukira kutauni chaka chimene nyanja inauma n'kusiya mabwato ali pamatope ong'aluka. Nkhani imeneyi ankauza aliyense wobwera ndi tayala lophwa, kaya wafunsa kaya sanafunse. Koma inalipo nkhani ina imene iwo sankaiyamba, ankaiyamba ndi anganga. Akuti powafunsira, agogo analonjeza kuti tsiku lina adzawakweza bwato n'kuwaolotsa mpaka tsidya, atakhala pampando ngati dona. Koma m'bwato la usodzi mkazi sankalowamo, asodzi ankati matemba amathawa. Ndiye zinangokhala za mawa, mawa, ana anabadwa, nyanja inauma, bwato linawolera pamatope.

"Munthu uyu anandinamiza," anganga ankatero uku akusankha nyemba. "Madzi amene ndikuwadziwa ine ndi osenza pamutu okha."

Agogo ankaseka, koma ine ndinkaona kuti mawuwo akuwapweteka. Nthawi imeneyo ng'ala inali itayamba kuwaphimba maso, moti chigamba ankamata mofufuza ndi chala. Ankadziwa okha kuti akachedwanso, lonjezo lija lipita nawo kumanda.

Anganga ankagulitsa kaunjika m'mphepete mwa msewu. Tsiku lina atadula mawaya a belo la zikwama ndi majekete, anapeza pansi pake chinthu chachikasu, cholemera, chopindidwa ngati chikumba. Anachitambasula pabwalo, anachizungulira, n'kunena kuti ndi lona, chikhala choyanikapo ufa. Agogo anabwera kudzachipapasa, chala chawo n'kugwera pa kachitsekero.

"Amake Lusi, lona sakhala ndi valavu," anatero. Anapapasanso kutsogolo kwake kosongoka. "Ili ndi boti."

Kunali chimwemwe tsiku limenelo, simungamvetse. Bowo la mpweya linali lalikulu, pampu ya njinga sinkagwira, ndiye agogo anadula valavu ya chubu chakale, n'kuimatirira pa chitsekero cha botolo, n'kuzikulunga ndi mphira mpaka zinakwana thithithi. Akabaza anasiya makasitomala pasiteji n'kumalandirana kupopa. Uyu akatopa, apopa uyo, malaya ali chonyowa, ife ana tikuimbira m'manja. Dzuwa likupendeka chinthu chija chinayamba kudzuka, mbali iyi kutupa, mbali iyo kutupa, mpaka pakati pa Chinamwali, kutali ndi nyanja iliyonse, panakhala boti lenileni. Ine ndinali woyamba kulumphiramo, ndipo ndinakana kutsika mpaka anganga ananditulutsa ndi khutu.

Koma boti lija linalibe mpando. M'kati mwake, mbali imodzi, munali kachigamba kakuda kokhala ndi mpata wopisamo lamba, ndipo mbali inayo munangotsala chipsera pamene kanzake kanathothoka. Tizigamba timeneti agogo anatitcha timakutu.

"Khutu limodzi lilipo, lina linaduka," anatero. "Popanda makutu awiri mpando sukhala, ndipo mkazi wanga sakhala pansi ngati thumba la matemba."

Mnyamata wina wa kabaza anati angokhomera thabwa ndi misomali. Agogo anamuthamangitsa ndi sipanala.

Kuyambira pamenepo ine ndi agogo tinasanduka anthu osaka khutu. Ndinkawagwira dzanja podutsa msewu, iwo n'kumandiuza zoti ndiyang'ane. Tinayenda mumsika monse, kwa osoka nsapato, kwa ogulitsa zitsulo zakale, kwa okonza mipando ya galimoto, ndipo kulikonse tikati tikufuna khutu la boti anthu ankagwa nako kuseka. Wina anatifunsa ngati nyanja yasamukira mu Zomba. Mapeto ake tinalowa m'sitolo ya hadiweya ya mmwenye wina wachikulire, wobadwira mu Zomba momwemo, amene Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chiyao kuposa chathu. Iyeyu sanaseke. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti zinthu zotere sanagulitsepo, koma akufuna alione boti limenelo ndi maso ake.

Lachisanu atatuluka kumzikiti anafikadi pakhomo pathu pa kagalimoto kake kakatundu, kapikapu, atanyamula timphete tachitsulo ta zikwama za sukulu ndi chitini cha guluu wamphamvu. Anagwada, analiyang'ana boti mbali zonse, kenako analoza tinthu tiwiri takuda tokhala pamwamba pa mbali zake.

"Madala, apa ndi pokolekera nkhafi. Nkhafi zake zili kuti?"

"Amenewo ndi mogwirira wokwera," agogo anayankha. "Nkhafi ndi za anthu a ku Mangochi. Ife a ku Chilwa timaima kumbuyo n'kumakankha ndi nsungwi. Moyo wanga wonse sindinakhalepo pansi m'bwato."

Mmwenye uja anagwira ndevu zake, anafuna kunena kanthu, koma anangoti tsiku la ulendo adzatinyamula.

Mpando uja unadya masabata, ndipo panalibe tsiku limene sindinathamange pochokera kusukulu kuti ndikaone pamene wafika. Khutu latsopano agogo analidula pa chubu cha lole, anapisamo kamphete, anapala malo ake ndi sandipepa, anapaka guluu mbali zonse n'kudikira kuti aume kaye, monga ankachitira ndi zigamba za njinga, kenako anatsindikapo mwala wonolera mipeni. Lamba anachokera ku minibasi yakufa imene inkagona kuseri kwa galaja, wokhala ndi chomangira chake chachitsulo, uja amalira kuti khwa ukamanga. Thabwa la paini anatipatsa ocheka matabwa otsika nawo kuphiri, ndipo linkanunkhira utomoni nyumba yonse. Agogo analipala m'mphepete mpaka linasalala, komabe sanakhutire, anati thabwa ndi mphira ndi adani, ndiye anandituma kutolera mapatapata oduka m'makwalala onse. Tinawadula n'kuwasokerera kumapeto kwa thabwa ndi ulusi wa nsapato, lofiira apa, lobiriwira apo. Choyedzamira anadula pa mpando wapulasitiki wothyoka miyendo, ndipo pamwamba anaikapo katsamiro ka nsanza za kaunjika.

Anganga ankadutsa pamenepo ngati sakuona, n'kumati, "Nkhalamba kusewera ndi zibaluni." Koma tsiku lina ndinawapeza atakhalapo okha, msana uli chilili, manja ali pamaondo. Atandiona anati amangoyesa ngati nsanza zawo zabedwa zambiri.

Agogo anakana zoti tikayese ku damu la Mulunguzi, anati madzi amene tauni yonse ikumwa sapondamo munthu. Anasankha kadamu kena kakang'ono ka m'nkhalango kumtunda, kamene ocheka matabwa anawauza. Anakananso kuphwetsa boti, poti kulipopa kunali ntchito ya tsiku lathunthu, ndiye Loweruka m'mawa linakwera kapikapu lili chotupa, nsungwi yaitali itamangidwa pambali. Ine ndinakhala kumbuyo nditalikumbatira, ndipo m'makhotakhota onse a msewu wakuphiri ana ogulitsa zipatso ankatithamangira akukuwa. Anganga anali kutsogolo, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku loyera.

Kumtunda kunali kozizira, mitengo ya paini ikuwomba mluzu, madzi ali bii osaoneka pansi. Agogo anatimangirira aliyense chigubu chopanda kanthu cha mafuta ophikira pamsana, kuti wina akagwa ayandame. Anganga anakwera atatsinzina, anakhala pampando wawo, mpandowo sunagwedezeke n'komwe. Ine ndinakhala pamapazi awo. Agogo anaima kumbuyo, anazika nsungwi m'matope a m'mphepete, n'kukankha.

Boti linatsetsereka pamadzi mopepuka, ndipo ndinamva anganga akutulutsa mpweya umene anaugwira. Agogo anakankhanso, msana utawongoka, nkhope itasintha, ngati munthu amene wabwerera kwawo. Anayamba ngakhale kung'ung'udza nyimbo. Atazika nsungwi kachitatu, inangolowa yonse mpaka dzanja lawo linanyowa, ndipo pansi sanapapeze.

Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, nsungwi imagunda pansi pafupifupi paliponse. Damu la kuphiri ndi chigwa chodzaza madzi. Zimenezi agogo sanaziganizire, ndipo ife tonse tinawakhulupirira. Anapendekera kutsogolo, boti linapindika pansi pa mapazi awo chifukwa kuzizira kwa madzi kunali kutalifewetsa, nsungwi inawapulumuka n'kuyandama kutali, madzi n'kukhuthukira m'kati. Ine ndinalira. Mphepo inayamba kutikankhira pakati, boti likuzungulira, mmwenye uja akuthamanga m'mphepete atakweza mkanjo wake. Agogo anali chiimire, manja akufufuza nsungwi imene maso awo sankaionanso.

"Bambo a Lusi, khalani pansi," anatero anganga.

"Ine sindikhala pansi m'bwato."

"Ndati khalani pansi. Muli ndi mwana muno."

Agogo anakhala. Ndinali ndisanawaonepo ndi manyazi otere, ndipo zinandimvetsa chisoni kuposa mantha amene ndinali nawo. Anganga anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsika pampando wawo n'kukhala m'madzi a pansi pa boti, chitenje cha kutchalitchi chija n'kunyowa chonse. Anandiuza kuti ndimasule lamba. Ndinadina, linalira khwa, ndinasolola mbali iyi ndi iyo, anganga anakoka choyedzamira n'kuchiponya kumapazi, ndipo anapereka thabwa kwa amuna awo.

"Nayi nkhafi yanu, a ku Mangochi."

Agogo analigwira thabwa lija, anapapasa mapatapata amene anasoka okha, n'kuliviika m'madzi. Poyamba tinangozungulira pamodzimodzi. Kenako manja a msodzi anakumbukira ntchito, apalase uku, apalase uko, boti linawongoka. Poti sankaona bwino, anganga ndi amene ankawauza kolowera, kumanja, kumanzere pang'ono, inu kumanzere ndi uku. Agogo anatembenuzira boti kumene tinachokera, kumene mmwenye ankatikodola ndi manja onse awiri.

"Mukundibwezeranji?" anafunsa anganga.

"Mwanyowa, amake Lusi. Mpando wanu waphwasuka. Tiyeni kumtunda."

"Munati mudzandiolotsa. Uko n'kumene tachokera. Tsidya ndi uko."

Agogo anagoneka thabwa pamaondo awo likudontha madzi. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, misozi ikutsika, n'kutembenuza boti. Tinaoloka damu lonse, anganga atakhala m'madzi mpaka m'chiuno, duku litapendeka, akuimba nyimbo ya kwaya mokweza moti inkabwerera kuchokera m'mitengo, ine ndikukapa madzi ndi nsapato yawo. Boti litagunda udzu wa tsidya, anganga anatsika okha, anaponda pansi mwamphamvu, anafinya chitenje, n'kunena kuti, "Chabwino, simunaname. Munangochedwa."

Chaka chotsatira maso a agogo anatsekeka, ndipo pamadzi sanabwererenso. Boti linatha pang'onopang'ono, linadulidwa zigamba, mwina akabaza ena a ku Chinamwali anayenda zaka ndi zidutswa zake zachikasu m'matayala. Koma thabwa anganga sanalole kuti munthu alikhudze. Analiika pa njerwa ziwiri pakhonde, ndipo madzulo aliwonse ankakhalapo awiriwo, mothinana, akukangana za amene anapulumutsa mnzake. Mawu aja oti anawanamiza sindinawamvenso.

Onse awiri anapita, ndipo pogawana katundu ena anatenga wailesi, ena mabulangete. Ine ndinatenga thabwa. Lili m'nyumba mwanga lero, mapatapata ake anauma n'kuyamba kuthetheka, mbali imodzi ndi yakuda pamene inalowa m'madzi. Alendo amafunsa chifukwa chimene ndimasungira chithabwa chakale pabalaza, ana anga amati ndi benchi, bambo awo amati ndi nkhuni zimene zikudikira tsiku lake. Ine ndimawauza kuti alisiye pomwepo, ndi mpando umene anganga anaolokera tsidya osaukhalira.