A Makutu Amva ndi Mano

Dzina lawo lenileni limapezeka pa khadi la kuchipatala basi. Pagalaja, mumsewu, ngakhale kunyumba kwawo komwe, bambo ameneyu ndi a Makutu. Dzinali analipata ali achinyamata, tsiku lomwe anaimitsa lole yongodzidutsira n'kuuza dalaivala kuti pampu yake yatsala ndi masiku awiri. Dalaivala anawatukwana mpaka kukhosi kwake kuyera. Tsiku lachitatu loleyo inafika pagalaja chokokedwa, mwini wake akutsatira pambuyo, chipewa chili kumanja.

Kuchokera pamenepo, kwa zaka makumi atatu ndi mphambu, a Makutu akhala akukonza makina ndi khutu. Anzawo amathamangira sipanala. Iwo ankayamba aima kaye phee, mutu utapendekeka ngati nkhuku yoona mphamba. Makina a pamtima pawo ndi timathirakitala tating'ono tija toyenda pa malamba a labala, ta chifosholo kutsogolo, timene timalowa m'tinjira momwe zimakina zikuluzikulu zimakanika. Timeneti tilibe chiwongolero. Dalaivala amangokankha zogwirira, ndipo oyilo wochokera mu pampu ndiye amayendetsa lamba wakumanja ndi wakumanzere, aliyense payekha. Malamba akamathamanga mofanana, kathirakitala kamapita molunjika. Mmodzi akafooka, kamayamba kukhota kokha.

"Oyilo amalankhula," ankatero a Makutu. "Kungoti inuyo mumalongolola kuposa iye."

Ndiye tangoganizani, munthu wotereyu makutu n'kumuthawa.

Zinayamba ngati chimfine wamba, kenako mafinya, kenako zii. Adokotala anati njira yodutsa mawu yatsekeka mkati, ndipo anawaika pamzere wautali wa odikira opaleshoni. A Makutu anayesetsa kubisa. Ankagwedeza mutu pa chilichonse, ena akaseka nawonso n'kuseka. Zinaululika tsiku lomwe anaseka chikhakhali kasitomala akudandaula kuti akuba amuzulira batire.

Mwini galajayo ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wa mtima wabwino koma wa phuma. Lolemba lina anawaitanira pambali, n'kulankhula mokuwa moti mpaka wogulitsa matayala kutsidya kwa msewu anamva chinsinsicho.

"Alamu, chipinda cha zitsulo chija chikufuna munthu wokhulupirika! Muli mpando wabwino, muli fani! Makiyi ndi awa, mundiyankhe Lachisanu!"

Chipinda cha zitsulocho chilibe windo. Muli mashelefu a mabawuti, buku ndi cholembera chomangidwa ndi chingwe. A Makutu analandira makiyiwo ndi manja awiri, chifukwa ulemu ali nawo, koma mumtima zinawapweteka kwambiri. Anadziwa kuti akangolowa mmenemo, pa makina sadzagwiranso.

Lachitatu kunafika kathirakitala kachikasu. Dalaivala wake ndi chimunthu chachitali chimene chimachita kudzipinda katatu kuti chikwane mkati.

"Kakazizira kamayenda ngati msilikali," anadandaula. "Kakangotentha, basi kakukhotera kumanzere ngati kaona mnzake wogula mowa. Dzulo ndinatsala pang'ono kugumula mpanda wa eni ake. Ndipo mwezi wathawu kanali konkuno, munasintha paipi."

Amene anayamba kukapima ndi a Waya, mayi wa zamagetsi pagalajapo, amene salankhula asanaone ndi maso. Anayeza kulimba kwa malamba onse awiri, anapeza ali bwinobwino. Oyilo anali wokwanira, sefa yoyera. Analumikiza kompyuta yawo, kompyuta n'kunena kuti kathirakitala kali ndi thanzi. Kenako anasinthanitsa timapaipi tochokera ku zogwirira, takumanja kupita kumanzere, kuti aone ngati vuto lisamuke. Silinasamuke. Lamba wakumanzere ndi amene ankafookabe.

"Ndi pampu imeneyo!" anagamula mlamu uja. "Tiyitule, tiitanitse ina."

"Ikakhala kuti si pampu?" anafunsa a Waya.

Apa onse anatembenukira kwa a Makutu, poti chizolowezi sichimva kuti zinthu zasintha. Nawonso anapendeketsa mutu monga kale. Injini inkalira pafupi pomwepo, koma iwo ankangomva ngati mvula ikugwa kumudzi wina. Anaona anzawo akuyang'ana pansi mowamvera chisoni, ndipo chisonicho chinawawa kuposa kutukwanidwa. Anangoti, "Tione mawa," n'kunyamula jekete dzuwa likanali pamutu.

Akazi awo ndi telala. Amasokera m'chipinda chochezera, pafupi ndi windo, pa makina opalasa ndi phazi. Nsalu zotsala amaziika m'thumba, ndipo thumbalo likadzaza limapita kugalaja kukakhala zopukutira. Ataona amuna awo abwera msanga, anangowayang'ana kamodzi. A Makutu anakoka kampando, anaponya makiyi aja patebulo la makina, n'kutsamiritsa chibwano pathabwa ngati mwana wokanizidwa ulendo. Mayi anapitiriza kupalasa.

Patapita kanthawi, a Makutu anang'ung'udza osadzutsa mutu. "Makina anuwa pansipa pakugogoda. Kasikulu ka kabokosi ka ulusi kamasuka."

Phazi la mayi linaima.

"Mwamva bwanji, bambo?"

Funsolo sanalimve, poti anali atadzutsa mutu. Mayi sanataye nthawi ndi mawu. Anawagwira pankhongo, n'kubwezera chibwano chija pathabwa, n'kupalasa. Maso a a Makutu anatong'oka. Mayi anawadzutsa mutu, n'kupalasanso: zii. Anawatsitsanso: go, go, go, kasikulu kaja. Anachita zimenezi kasanu konse, mayi wa ulemu wake akukweza ndi kutsitsa mutu wa mwamuna wake ngati akuyesa chivwende pamsika, mpaka onse awiri anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe. Mawu ankakana kulowera kukhutu, koma m'fupa ankadutsa bwinobwino.

"Koma chibwano changa sindingachiike pa pampu yotentha," anatero a Makutu.

Mayi anayang'ana uku ndi uku, n'kutenga ndodo yawo yathabwa yoyezera nsalu, ya mita imodzi. Mbali ina anaigunditsa pa makina, ina anaiika pakamwa pa amuna awo. "Lumani!" anakuwa. Analuma, ndipo anamva mpaka singano ikuboola nsalu.

"Ndakubwerekani, sindinakupatseni!" anawonjezera mayi, akuwaloza ndi sizasi.

Lachinayi m'mawa a Makutu anafika pagalaja ndodo ili kukhwapa. Anapeza mlamu wawo atagwira kale sipanala, wavala malaya ake a maluwa achikasu amene mlongo wake anamusokera.

"Pampu isatsike," anatero a Makutu. "Kakwezeni pa mathabwa kuti malamba azizungulira m'malere. Kanyumba ka dalaivala mukatukule, mukachirikize bwino. Ndipo katenthe kaye, vutoli silibwera oyilo ali wozizira."

Liwu lawo linali lija lakale, moti onse anamvera asanaganize. Anadikira theka la ola. Lamba wakumanzere atayamba kutsalira, a Makutu anapinda mikono ya ovolosi, anaima patali ndi zozungulira, anagunditsa ndodo pa pampu, n'kuluma mbali inayo.

Dalaivala anaphulika ndi phwete. "Akulu, kodi simunadye m'mawa?"

A Waya anamuyang'ana kamodzi kokha, phwete n'kubwerera m'mimba.

A Makutu anatsinzina. Nyimbo ya oyilo ija, imene anaisowa zaka ziwiri, inabwera yonse kudzera m'mano, mpaka tsitsi linawaima. Mbali yakumanja ya pampu inkaimba bwino. Yakumanzere nayonso chimodzimodzi, yopanda kukhosomola kapena kukukuta. Anasuntha ndodo kupita pa mota yoyendetsa lamba. Nayonso inalibe mlandu. Anabwerera pa pampu, n'kumayenda pang'onopang'ono, chala ndi chala, kufikira pa kavavu kena kakang'ono, kamene ntchito yake ndi kutsegukira oyilo mphamvu ikapyola muyeso, nthawi zina zonse n'kukhala kotseka. Pamenepo anamva kamluzu kakang'ono: tsiii. Anayesa kavavu kanzake kakumanja, kanali duu. Anabwerera kumanzere: tsiii.

Anachotsa ndodo pakamwa n'kupukuta malovu. "Pampu ilibe tchimo. Kavavu aka sikakutseka. Oyilo akazizira amakhala wolemera, sathawa kwambiri. Akatentha amapyapyala, n'kumazembera pamenepa, lamba n'kutsala ndi njala. Zimitsani."

Anadikira kuti makina azizire ndi mphamvu ya oyilo itsike, poti oyilo wopanikizika amaboola khungu. A Waya anamasula kavavuko, anakaika pa pepala loyera, n'kutokosa ndi kawaya. Panatuluka kanthu kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda. Anakatsuka mu petulo, n'kukatambasula padzuwa. Kanali kansanza. Ndipo ngakhale kanada ndi oyilo, kaduwa kachikasu kankaoneka bwinobwino.

Maso onse anachoka pa kansanzako n'kukatera pa malaya a mwini galaja.

Mlamu uja anadziyang'ana pachifuwa, n'kukanda m'mutu. "Paipi ija ndinasintha ndekha," anavomera. "Sindinafune kuvutitsa alamu. Pobowo ndinatsekapo ndi kansalu kuti fumbi lisalowe, ndiye pochotsa mwina kanang'ambikira mkati."

"Mwina?" anafunsa a Waya.

Galaja yonse inagwa ndi chiseko, dalaivala mpaka kukhala pansi pa tayala. A Makutu sanamve zomwe zinanenedwa, koma ulendo uno anadziwa chimene akusekera, ndipo anaseka kuposa onse.

Atatsuka mapaipi ndi kubwezera kavavu, a Makutu anachita zomwe amachita nthawi zonse akamaliza ntchito yotere. Anakoka chingwe kuchokera pageti mpaka kumpanda wakuseri, n'kuuza dalaivala kuti akatenthetsenso, kenako akankhe zogwirira mofanana osawongola. Kathirakitala kanatsata chingwecho ngati kakuchita kusokedwa, kupita ndi kubwerera.

Ndipo a Makutu sanadikire Lachisanu. Anatulutsa makiyi aja m'thumba, n'kuwapereka ndi manja awiri monga anawalandirira.

"Alamu, mpando uja ndi wabwinodi, ndipo muli fani," anatero. "Bwanji muzikhalamo inuyo, makina apumeko?"

Mlamu anaseka mpaka kutsokomola, koma maso ake anali atanyowa. Anawakumbatira, oyilo yense wa pa ovolosi n'kupakika pa maluwa achikasu aja.

Madzulo dzuwa lisanalowe, a Makutu anafika kunyumba akuimba, ngakhale nyimboyo inali yokhota kuposa kathirakitala kaja. Mayi analandira ndodo yawo n'kuiyendetsa m'manja. Kumapeto kwake, manambala atatu omaliza anali atatafunidwa osawerengekanso. Anayamba kukalipa, mkono uli m'chiuno, milomo ikuthamanga. A Makutu anaima n'kumayang'ana milomoyo. Zaka ziwiri zonsezi mawu a mkazi wawo ankawamva okuwa okhaokha, ngati a munthu woitana ali kutsidya la mtsinje.

Anazungulira kumbuyo kwa mpando, anawerama, n'kutsamiritsa chibwano pamutu pa mayi, pa duku pomwepo.

"Pitirizani," anatero. "Koma musakuwe."

Mayi anayambiranso motsitsa. Ndipo liwu lija linabwera, lapansipansi, la masiku onse, lonjenjemera pang'ono, likukwera m'fupa mpaka mumtima.

"Ndimati mwandidyera mita yanga, bambo. Ndipo sopo ndinakutumani uja mwaiwala."

"Nenaninso," anatero a Makutu, misozi ikudonthera pa duku. "Za sopozo, nenaninso."