Chotupa pa ndodo ya ababa

Mwaswera bwanji nonse.

Ndodo yowedzera ija ya malemu ababa yandivuta lero. Dzulo ndinamangiranso mphete zake zodutsa chingwe pamwamba pa ulusi wakale, n'kupaka epokisi, guluu wochita kusakaniza uja. Guluu ameneyu amafuna uzitembenuza ndodo pang'onopang'ono mpaka agwire. Ndili mkati motembenuza, kwabwera uthenga wa maliro kwa Mponda. Ndikanatani? Ndinaigoneka pamipando iwiri n'kuthamanga, ndipo ndagona komweko.

Pobwera lero ndapeza guluu yense watsikira mbali imodzi, wauma gwa, watupa ngati nkhupa yokhuta.

Amalume a Saidi angoyang'ana kamodzi, amvekere: "Mphwanga, dula zonsezo ndi mpeni, umange ulusi wa nayiloni watsopano."

Ndakana. Pansi pa chotupacho pali ulusi wofiira umene ababa anasolola m'chitenje cha amayi chovinira pamisonkhano, nthawi ya chipani chimodzi. Ana inu simukudziwa, ukapezeka utawononga nsalu imeneyo unkatha kusowa osatsanzika. Koma ababa ulusiwo anaumangira pandodo, n'kumawedza nayo ku Nkopola anthu akuona.

Ndiye ndatenga lezala, ndikupala pang'onopang'ono, kenako ndikwecha ndi sandipepa wosalala. Kufiira kukangoyamba kuonekera, ndisiya pomwepo. Mawa ndipaka guluu wochepa, ndipo sindichoka pampando, ndizitembenuza mpaka aume, foni nditazimitsa.

Achemwali a ku Nkhudzi, akulu ndinu, mukuti bwanji? Koma ndineneretu: ulusi umene unapulumuka m'manja mwa chipani sungathere pa mpeni wa amalume.