Maliro a Namwino wa Satifiketi

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi mphasa ya pasiwa. Amayi akwaya anali atatopa, nyimbo zikungomveka chapansipansi. Kunja chiperoni chinali chikutsika m'phiri, ndipo nkhuni zophikira zinkangofuka utsi, osayaka.

M'bokosimo munali achemwali anga, a Felesiya. Anayamba unamwino ine ndili ku pulayimale, pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Maphunziro awo anali a satifiketi. Kumudzi ankawatcha adokotala, poti dokotala weniweni sitinkamuona, koma ku ofesi anali namwino wamng'ono basi. Kangapo konse anapempha kukaonjezera sukulu, yankho n'kukhala lakuti palibe wotsala ndi odwala. Anagwa ali pantchito, osadzukanso.

Kutacha anthu anayamba kufika. Ena anachokera kwa Kaduya, ena anatsika wapansi kuchokera ku Fort Lister, miyendo ili matope okhaokha. Ambiri anali amayi, wina mwana kumsana wina kumanja. Anabweranso Asilamu a pamsika, n'kukhala chete pansi pa mtengo wa mango.

Mwa anamwino anzawo anabwera mmodzi yekha, atavala zoyera. Anandiuza kuti enawo sakanatha kusiya odwala. Anatenga makandulo oti ayatse monga amachitira anamwino akataya mnzawo, koma mphepo inkangowazimitsa. Mapemphero ali mkati foni yake inalira, kuti kuchipatala kwafika mayi woti achire. Anagwira bokosi ndi dzanja limodzi, n'kukwera kabaza akulira.

Bwana wa ku ofesi anafika chakumasana pa galimoto, tinamupatsa mpando wa kutsogolo. Polankhula anati, "Mayi Felista anali mmodzi mwa anthu othandizira anamwino athu." Ndinayesa kuti akonza, koma dzina lomwelo analibwereza mpaka kumaliza. Mayi wina wachikulire kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Nanga amene anandichiritsa ana anga onsewa anali ndani?"

Ndinakwawira pamene panakhala amalume, amene ankayendetsa mwambo.

"Amalume, ndilankhuleko pang'ono. Dzina alakwitsa, ntchitonso alakwitsa."

"Mwanawe, adzukulu akudikira, mvula ndi iyo. Usawachititse manyazi alendo."

Ndinabwerera pamalo panga. Mawu ndinali nawo, koma poti ndiwanenere panalibe.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Njira ya kumanda ndi yoterera, ndipo onyamula bokosi ankalandizana pafupipafupi. Agogo ena ankalira m'Chilomwe, kutchula dzina la achemwali molondola. Pamene adzukulu ankakwirira ndinamva galimoto ija ikulira kumsewu, ikubwerera.

Madzulo anthu anabalalika, mabenchi a tchalitchi atabwezedwa. M'nyumba tinatsala ine ndi amayi anga. Kukuyamba kuda tinamva odi. Anali bambo wina wochokera kuseri kwa phiri, atakweza mkazi wake panjinga, mwana atamufunditsa zitenje.

"Pepani, anamwino alipo? Kuchipatala tapeza mzere, ndiye tinati tidzere kunyumba monga kale. Mwanayu thupi latentha kuyambira dzulo."

Amayi analowa kuchipinda. Ine ndinagwira mwanayo pamphumi, kunali kotentha zedi, ndipo sindinadziwe chochita. Ndinawauza alendowo kuti achemwali tawaika m'manda lero. Bamboyo anavula chipewa, anaima pang'ono, kenako anatembenuza njinga. Ndinakhala pakhonde mpaka kulira kwa mwanayo kutasiya kumveka.