Ndinabisa amuna anga m'chigafa

Inu owerenga, ine ndinachita manyazi pa tsiku losafunika manyazi, ndipo amene analipira ndi mwana wanga. Ndine mayi wa ku Chulu, ndipo mtima ukundiwawabe mpaka lero.

Amuna anga anali mlimi wa fodya wotchuka m'dera lathu. Atadwala sitiroko anasiya kuyenda, mawu samveka, malovu amangotuluka. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, zonse ndine. Mwana wathu wamkazi anali folomu 2 pasekondale yoyendera, ndipo ndinkadziuza kuti zivute zitani, ameneyu amaliza sukulu.

Kenako kunamveka kuti alembi a boma akuyenda khomo ndi khomo kulemba ofunika thandizo. Kwathu kuno mukati thandizo, aliyense amamva feteleza wotsika mtengo, ngati kulibe china. Nane ndinaganiza kuti akaona wodwala anena kuti pano palibe wolima, atichotsa pa feteleza. Komanso ndisaname, sindinafune kuti alendo aone bambo amene kale ankalemba anthu ntchito atagona pamphasa yonyowa. Ine ndi mlamu wanga tinawakweza pawilibala n'kukawagoneka m'chigafa choyanikamo fodya. Ndinazira pakhonde, ndinabwereka mipando kwa aneba, ndinavala chitenje cha kutchalitchi.

Mlembiyo anali mtsikana waulemu wake. Anandifunsa kawiri konse ngati pakhomo pali wodwala kapena wolumala. Ndinati ayi, bambo apita kumsika panjinga. Atafunsa kuti timadya kangati patsiku ndinati katatu, uku ndikuseka. Bambo atatsokomola m'chigafamo, ine ndinakweza mawu kuti asamveke.

Maina atatuluka, ife tinali pa feteleza ndi pa ntchito ya kumsewu, za makomo a anthu otha kugwira ntchito. Thandizo la ndalama la makomo opanda wogwira ntchito, limene limaganiziranso ana asukulu, linapita kwa ena. Ndinali ndisanafunseko n'komwe kuti limeneli ndi la anthu otani. Fetelezayo sindinathe kumuombola, ndipo ngakhale ndikanatha, akanalima ndani? Ntchito ya kumsewu inkafuna kulawira m'mamawa, wodwala ndilibe womusiyira. Ndinauza mwana kuti ajombe sabata imodzi yokha azisamala bambo ake. Sabata ija inasanduka teremu, kenako chaka.

Ndinapita kuofesi kukadandaula. Mkulu wina anayang'ana zimene zinalembedwa n'kundiuza mofatsa kuti, “Mayi, munanena nokha kuti bambo amapalasa njinga.” Anati nkhaniyo ailemba, koma ndidikire ulendo wina wolemba makomo, umene sankadziwa kuti udzakhala liti. Ndinabwerera ndili ndi mkwiyo, koma wokwiyira panalibe kupatula ine mwini.

Mwana uja atatopa anakwatiwa ndi tenanti wa pa esiteti ina ya fodya. Potsanzika sanalire. Anangoti, “Amayi, mukanangowasiya ababa pakhonde.”

Choncho inu owerenga, alembi akafika musathamangire thandizo limene aliyense akulikamba. Afunseni kuti thandizo limene lilipo ndi lotani, ndipo lililonse ndi la yani, kenako nenani za pakhomo panu mmene zilili, zonunkha zomwe. Mipando yobwereka eni ake amadzatenga madzulo omwewo. Anzake a mwana wanga akulemba mayeso a folomu 4 chaka chino, iye akusoka fodya wa eni ake, khanda lili kumsana.